Kayendedwe ka Malo Okumbukira Ayuda ku Warsaw

Ife a ku Zomba timadutsa pa nsanja yokumbukira asilikali a KAR (King's African Rifles), kufupi ndi Cobbe Barracks, osaima n'komwe chifukwa tinaizolowera. Koma mukapeza mwayi wopita ku Poland, kaya pa maphunziro kaya pa ntchito, patulani tsiku lonse loyendera malo okumbukira Ayuda ku Warsaw, ndipo mukalowe mwaulemu monga timalowera kumanda a eni.

Yambirani pa Umschlagplatz, mumsewu wa Stawki, pomwe mu 1942 asilikali a Nazi ankasonkhanitsa Ayuda n'kuwakweza sitima zopita ku Treblinka kukaphedwa. Anthu pafupifupi 300,000 anadzera pamenepa. Pakhoma la miyala yoyera analembapo mayina oyamba okha, ndipo n'koyenera kuwerenga angapo musanachoke.

Kuchokera apo yendani wapansi mpaka pa Miła 18. Mudzapeza kachulu ka udzu ndi mwala wa chikumbutso basi, koma pansi pake panali chipinda chobisalamo chomwe Mordechai Anielewicz, mtsogoleri wa achinyamata achiyuda omenya nkhondo, ndi anzake anaferamo pa 8 May 1943. Achinyamatawa anaukira asilikali a Germany pa 19 April chaka chomwecho ali ndi mfuti zochepa, ndipo nkhondoyo inatha pafupifupi mwezi wathunthu. Chapafupi pali chipilala cha ngwazi za ghetto (dera la mumzindawu lomwe a Nazi anatsekeramo Ayuda) chomwe chinatsegulidwa mu 1948. Ambiri amajambula kutsogolo kokha, komwe kuli omenya nkhondo, n'kumapita. Zungulirani kumbuyo, kumene wosema anaonetsa nkhalamba, amayi ndi ana akuyenda chozyolika. Moyang'anizana ndi chipilalachi muli nyumba ya mbiri yakale ya POLIN, yomwe imafotokoza zaka pafupifupi 1,000 za moyo wa Ayuda ku Poland, ndipo musaithamangire chifukwa imafuna maola atatu kapena kuposerapo.

Ku manda a Ayuda a mumsewu wa Okopowa musapiteko Loweruka, poti ndi Sabata ndipo amatseka. Abambo, musavule chipewa monga timachitira kwathu, chifukwa mwambo wawo umafuna kuti mwamuna aphimbe kumutu. Musavutikenso kugula nkhata za maluwa. Iwo amaika kamwala pamwamba pa chiliza, choncho tolani kamodzi n'kukaika mwakachetechete.

Ngati mukufuna kukafikanso ku Auschwitz, msasa womwe a Nazi anapherako Ayuda ambirimbiri, kufupi ndi mzinda wa Kraków, sungitsani malo pa intaneti masabata angapo ulendo usanafike.