Kakonzedwe ka nkhani za zinenero zamakedzana pa Wikipedia

Ambiri amalowa nkhani za zinenero zakale pa Wikipedia ndi changu koma amatuluka atapsa mtima, poti zomwe walemba usiku wonse pofika m'mawa wina wazichotsa kale. Ndipo kawirikawiri wochotsayo sanalakwe ayi. Vuto ndi loti munthu walemba zomwe watulukira yekha osati zomwe akatswiri anasindikiza, ndiye Wikipedia zimenezo sivomera olo zimveke zanzeru bwanji.

Musanagwire kalikonse tsegulani akaunti, kenako werengani talk page, tsamba lokambiranapo za nkhaniyo, kuti muone zomwe anzanu anakangana kale. Pa nkhani ngati ya Linear A (malembo akale a pa chilumba cha Crete) kapena zolemba zakale za ku chigwa cha mtsinje wa Indus sipasowa anthu obwera ndi zoti "ine ndazimasulira", chonsecho mpaka lero palibe kumasulira komwe akatswiri anakuvomereza. Linear B, malembo ena akale a ku Crete ndi ku Greece, ndi nkhani ina, Michael Ventris anaonetsa mu 1952 kuti ndi Chigiriki chakalekale ndipo izi mutha kulemba mosaopa.

Tsono pali kanyenyezi (*) kamene kamalembedwa koyambirira kwa mawu ena, apa ndi pomwe atsopano amagwera kwambiri. Mukaona mawu olembedwa chonchi *ph₂tḗr musakachotse poganiza kuti wina anaphonya kiyibodi. Kakutanthauza kuti mawuwo palibe anawapeza atalembedwa pamwala kapena padongo, akatswiri anachita kuwamanga poyerekeza pater wa Chilatini, patēr wa Chigiriki ndi pitar wa Sanskrit, onsewo kutanthauza bambo. Chimodzimodzi *-ntʊ̀, muzu wa mawu ngati munthu, wa mu Proto-Bantu, kholo la zinenero ngati Chichewa. Mawu omangidwa ayenera kukhala ndi kanyenyezi nthawi zonse, opezeka olembedwa asakhale nako, mukasakaniza ziwirizi mwanamiza owerenga. Ka 2 kali pansi pa h ndi timizere ta pamwamba pa e tisiyeninso momwe tilili, ngati foni ikukanika kulemba koperani kuchokera pomwe palembedwa bwino.

Chinthu china, kufanana kwa mawu pakhutu si umboni wa ubale. Deus wa Chilatini ndi theos wa Chigiriki onse ndi mulungu, amamvekanso ngati apachibale, koma sanachokere kumodzi. Pomwe pater ndi father amene sakufanana kwenikweni ndiwo abale enieni, chifukwa p wakale anasanduka f m'zinenero za banja la Chingerezi ndi Chijeremani osati m'mawu amodzi okha koma mwandondomeko, onani piscis wa Chilatini ndi fish, ped- wa Chilatini ndi foot. Jacob Grimm anafotokoza lamuloli mu 1822. Ndiye mukapeza chiganizo chonena kuti chinenero chakuti chinachokera ku Chisumeri (chinenero chakale cha dera la Iraq ya lero) kapena Chiheberi chifukwa mawu atatu akufanana, ikanipo citation needed, chizindikiro chopempha umboni, kapena chichotseni ngati n'zoonekeratu kuti ndi zopeka. Chisumeri paja palibe chinenero chomwe chinatsimikizika kuti ndi m'bale wake.

Za mabuku otsamira samalani ndi zaka. Buku likakhala lakale limapezeka laulere pa intaneti, nchifukwa chake anthu amathamangira komweko, koma Encyclopaedia Britannica ya 1911 inatuluka Bedřich Hrozný asanaonetse mu 1915 kuti Chihiti, chinenero chakale cha dera la Turkey ya lero, ndi cha banja la Indo-European la Chilatini, Chigiriki ndi Sanskrit, ndipo ndi Chihiti chomwecho chomwe Jerzy Kuryłowicz anagwiritsa ntchito mu 1927 kutsimikizira kuti ma h ngati wa mu *ph₂tḗr uja analipodi. Ngakhale dikishonale ya Indo-European ya Julius Pokorny ya 1959, yotchuka choncho, njira yake yolembera mizu ya mawu inatha fasho. Fufuzani buku laposachedwa la ku yunivesite kapena nkhani ya mu jenalo yomwe akatswiri ena anaiunika, ndipo lembani nambala ya tsamba, osangotchula buku lonse la masamba 900 ngati wina akhala pansi kusakasaka. Pa za mabanja a zinenero webusayiti ya Glottolog imathandiza.

Pomwe akatswiri sagwirizana inuyo musaweruze. Za banja la Altaic mwachitsanzo, loika pamodzi Chiteki, Chimongoliya ndi Tungusic, ambiri masiku ano salivomereza, ndiye nkhani inene zomwezo, itchulenso mwachidule amene akulikhulupirirabe ndi maina awo. Kupatsa mbali zonse malo ofanana pomwe ina ili ndi anthu ochepa ndi kukondera ndithu.

Zotsalazi n'zachangu. Yeserani kaye mu sandbox yanu, tsamba lanu loyeserera, sinthani pang'onopang'ono osati nkhani yonse kamodzi, ndipo mu edit summary, kabokosi kofotokozeramo zomwe mwachita, nenani chomwe mwasintha ndi komwe mwachitenga. Wina akabweza zanu musabwezenso mwaukali, kubweza koposa katatu pa tsamba limodzi m'maola 24 amakutsekerani akaunti kwakanthawi. Pitani pa talk page, ikani buku ndi tsamba lake, dikirani masiku angapo ayankhe.