Bawuti siyigulidwa ndi maso okha

Achinyamata ambiri kuno ku Angónia ndi ku Tsangano ayamba ntchito ya zitsulo pakhonde. Akapeza kamakina kowotcherera, gilayinda ndi masipanala angapo, basi ayamba kupanga mafelemu a mazenera, zitseko ndi mbaula, ena mpaka ngolo. Zimandisangalatsa kwambiri. Koma ndikamayendera mabenchi awo, mafunso ambiri amakhala a bawuti: yaduka bwanji, nati ikukaniranji kulowa, ikumasukiranji yokha.

Mabawuti ambiri amene timagula masiku ano amayezedwa m'mamilimita, ndipo amatchedwa M6, M8, M10 kapena M12. Nambalayo ikunena kunenepa kwa thunthu la bawuti, osati kukula kwa mutu. Apa ndi pamene ambiri mumasokonezeka, chifukwa mumafika kusitolo n'kunena kuti "ndipatseni ya 17", kutchula sipanala. N'zoona kuti nthawi zambiri M6 imamangidwa ndi sipanala ya 10, M8 ya 13, M10 ya 17 ndipo M12 ya 19. Koma pa njinga zamoto ndi magalimoto a ku Japan mitu imakhala yaing'ono: M8 imafuna 12, M10 imafuna 14, ndipo 17 ija ndi ya M12. Mutha kubwerera kunyumba ndi bawuti yoti sipanala ikugwira bwinobwino koma pabowo siyikulowa.

Nkhani yaikulu ili pa mazinga. Mabawuti awiri akhoza kukhala a M10 onse, koma ina mazinga ake otalikirana mamilimita 1.5, inayo 1.25. Ndi maso simungasiyanitse msanga. Nati imalowa kamodzi kapena kawiri kenako n'kuuma, ndiye munthu amatenga sipanala n'kuyamba kukakamiza poganiza kuti ndi dzimbiri. Pamenepo mazinga akudyana, ndipo ngati bowolo lili pa injini mwadzipangira ntchito ya ndalama zambiri. Lamulo langa n'lakuti nati yoyenera imayenda ndi zala mpaka kukafika pa washa, sipanala imabwera pomaliza. Njira ina yoyesera: gundanitsani mabawuti awiri cham'mbali, mazinga alowerane, muyang'ane kowala. Akafanana sipaoneka mpata.

Amene mumakonza zigayo musamale kwambiri. Injini zakale za ku Britain, monga za Lister, zili ndi mabawuti oyezedwa m'mainchi. Bawuti ya theka la inchi ndi mamilimita 12.7, ndiye imaoneka ngati M12 koma sizigwirizana. Mukamapita kukagula ku Ulónguè kapena mumzinda wa Tete, nyamulani bawuti yakaleyo ndi nati yake, ngakhale ili yoduka. Mukayesere komweko.

Tsopano tembenuzani bawutiyo muyang'ane pamutu. Pamakhala manambala monga 4.6, 4.8, 8.8 kapena 10.9, ndipo akunena mphamvu ya chitsulocho. Ya 8.8 imapirira kukokedwa kuwirikiza kawiri kuposa ya 4.6 ya msinkhu womwewo. Pamutu popanda cholembedwa, muyiwerenge kuti ndi yofewa. Yofewayo ilibe vuto pa chitseko, pa shelefu kapena pa benchi. Koma pomangira injini, pa mtanda wa ngolo, pa mawilo ndi m'kati mwa chigayo, musatsike pansi pa 8.8, ndipo nati yake ikhalenso yolembedwa 8. Taganizani ngolo yodzaza matumba a kachewere ikutsika chitunda cha ku Tsangano, mwana ali pamwamba akuyendetsa ng'ombe. Kulemera konseko kwagwiridwa ndi mabawuti ochepa amene inu munasankha. Kusiyana kwa mtengo ndi mameticali ochepa chabe, chonde musaumire pamenepa.

Bawuti yolimba musayiwotcherere. Mphamvu yake inabwera chifukwa cha mmene anaitenthetsera ndi kuiziziritsa kufakitale, ndipo moto wanu umaononga zimenezo. Zonyezimira zija zopakidwa zinki zimatulutsa utsi woyera zikapsa, umene umadwalitsa mutu ndi kutenthetsa thupi. Ngati n'kofunikadi kuwotcherera, palani kaye ndipo gwirirani panja.

Nati yomasuka yokha imabwera ndi kunjenjemera kwa makina. Poyamba onani ngati munamanga mokwanira komanso ngati bowo silinakule. Kenako ikani nati yachitsulo yokhala ndi pulasitiki m'kati mwake, kapena manati awiri othinana, kapena boolani muike kapini kopinda. Ya pulasitikiyo sikhala pamalo otentha ngati pa ekizozi. Pamene pali mabawuti anayi kapena kuposa, mangani modumphitsa, iyi kenako ya kutsidya, pang'onopang'ono mpaka zonse zifanane. Bobojani, sipanala yosinthika kukamwa ija, isiyeni ikhale ya pangozi chifukwa imadya makona a mutu.

Yogwidwa ndi dzimbiri imafuna mtima wodekha. Yeretsani ndi burashi ya waya, thirani palafini kapena dizilo, isiyeni igone. M'mawa gogodani ndi hamala pang'ono, yesani kumanga kaye pang'ono kenako masulani. Ikakanabe, pukutani mafutawo n'kutenthetsa natiyo, kutali ndi thanki ya mafuta. Kumbukiraninso kuti zina zimamasukira kumanja: pedulo ya kumanzere ya njinga, ndi nati ya kumanzere pa gilayinda ya pabenchi.

Pa zida zenizenizo, gilayinda ndiyo imandidetsa nkhawa. Ndimapeza ambiri atachotsa chotchinga chake kuti aikepo disiki yaikulu. Disiki ya mamilimita 230 inapangidwa kuti isapitirire maulendo pafupifupi 6,600 pa mphindi, pamene gilayinda yaing'ono imazungulira cha m'ma 11,000. Ikasweka zidutswa zake zimalowa m'thupi. Bwezerani chotchingacho, valani magalasi, ndipo werengani deti lolembedwa pa kamkombero kachitsulo pakati pa disiki, chifukwa nazo zimatha ntchito. Fumbi la chitsulo lizichotsedwa m'mabowo opumira mukaweruka. Mukaona moto wambiri m'kati kapena ikuyamba kudukizadukiza, zimitsani muone makaboni, timakala tija timene timapereka magetsi ku mota, ndipo musinthe onse awiri pamodzi asanaononge mota.

Kuyambira Novembala mpaka Malichi kumtunda kuno chinyezi chimakhala chambiri. Timitengo towotcherera, ngakhale ta 6013 tozolowereka tija, tikanyowa timathetheka n'kusiya timabowo m'kati mwa chowotchereracho. Tisungeni m'chitini kapena m'paipi yotseka mbali zonse, m'nyumba, osati pansi. Mabawuti otsala muwapake oyilo pang'ono, nati iliyonse ikhale pa bawuti yake, ndipo muwasiyanitse m'zitini zolembedwa M8, M10 ndi M12, a mainchi akhale ndi chitini chawochawo.