Musanalambule manda akale, yambani mwalemba

Anthu akagwirizana zokonza manda akale a m'mudzi, amathamangira makasu ndi zikwakwa. Ine ndimawapempha kuti tsiku loyamba zida zitsale kunyumba, tipite ndi kope, pensulo ndi chingwe choyezera. Manda ambiri akale alibe chiliza. Chosonyeza kuti pagona munthu chimakhala mwala wamba wozikidwa kumutu, kadzenje pamene mtumbira unatitimira, kapena mtengo umene wachibale anadzala. Wolambula mwaphuma amaunjika miyala yotereyi pambali, ndipo manda aja asowa mpaka kalekale.

Pitani ndi okalamba awiri kapena atatu, koma aliyense tsiku lakelake, chifukwa akakhala limodzi wina amangovomereza zonena mnzake. Yendani nawo pang'onopang'ono, mukufunsa kuti wagona apa ndani, mwana wa yani, anatisiya liti. Chaka akachiiwala, afunseni chimene chinkachitika nthawiyo, kaya chilala, kaya kumangidwa kwa mlatho. Chakacho mudzachipeza pambuyo pake. Akasiyana mawu, lembani zonse ziwiri ndi dzina la wonenayo, musasankhe nokha. Manda aliwonse apatseni nambala ndi kuwaika pa mapu, poyeza kuchokera pa chinthu chosasuntha monga thanthwe. GPS ya pafoni, imene imasonyeza malo amene munthu waima, musaidalire: imatha kuphonya ndi mamita 5 kapena kuposa, makamaka pansi pa mitengo, pamene manda amayandikana kwambiri kuposa pamenepo.

Zilembo zofufutika za pa ziliza zimaoneka bwino kuwala kukabwera cham'mbali: m'mamawa, madzulo, kapena mukaunika ndi tochi mopendeka. Jambulani chithunzi nthawi yomweyo. Musapakepo choko kapena penti.

Kutsuka ziliza ndiye kumene ndimadandaula nako kwambiri, chifukwa owononga amakhala anthu a mtima wabwino. Madzi oyera ndi burashi yofewa n'zokwanira. Nyowetsani mwala wonse, kwechani mofatsa kuyambira pansi kukwera m'mwamba, mukutsukuluza pafupipafupi. Burashi yawaya imapala zilembo. Mankhwala oyeretsera zovala amasiya mchere m'timabowo ta mwala, mcherewo n'kumausweka m'kati. Viniga amadya mwala wa marble ndi simenti yomwe. Chiliza chimene chikuyoyoka, kapena chikumveka ngati chagweregwere mukachigogoda ndi chala, chisiyeni ndi ndere zake.

Udzu muzitchetcha, musamautenthe. Moto umang'amba miyala ndi kupsereza mitanda yamatabwa. Nyengo yadzuwa isanafike, lambulani kanjira kotakata kuzungulira manda onse kuti moto wa m'tchire usalowe. Khasu lisapalire mpaka dothi kukhala pamtunda, poti mizu ya udzu ndiyo imagwira mitumbira mvula ikamagwa. Pamalo otsetsereka kumbani ngalande kumtunda kuti madzi adutse m'mbali.

Mitengo ikuluikulu isiyeni, ingosadzani nthambi zouma. Timitengo tomera m'ming'alu ya chiliza tidulireni pansi penipeni. Mukatizula, mizu imanyamula simenti. Pamene patitimira thirani dothi, koma mwala wa kumutu usasunthe. Ng'ombe ndi mbuzi zimadzikanda pa ziliza mpaka kuzigwetsa, choncho mpanda ndi wofunika kuposa zokongoletsa zilizonse.

Kope lija likoperedwe, lisungidwe m'nyumba ziwiri zosiyana, kutali ndi chiswe ndi chinyontho, ndipo pakaikidwa maliro atsopano wina alembemo sabata yomweyo.