Momwe mungawerengere mawati ndi maohmu musanalumikize batire ndi inverter

Chiyambireni chilala cha 2024, pamene madzi anatsika kwambiri ku Kariba ndipo ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi maola ambiri pa tsiku, mabanja ochuluka muno mu Chipata anagula sola, batire ndi inverter (chipangizo chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba). Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amalumikiza zinthuzi mongoganizira, ndi waya uliwonse umene aupeza ku msika wa Kapata. Pakapita masiku waya umatentha, pulasitiki n'kusungunuka. Komatu masamu opewera ngoziyi ndi ochepa, ndipo foni yanu ikhoza kuwerengera.

Yambani ndi kupeza manambala awiri: mavolti ndi maampu. Mavolti ndi mphamvu imene ikukankha magetsi, maampu ndi kuchuluka kwa magetsi amene akuyenda mu waya. Magetsi a ZESCO a m'nyumba ndi mavolti 230, pamene mabatire ambiri a sola ndi mavolti 12. Tembenuzani ketulo kapena nsimbi yanu, mupeza kachikwangwani kolembedwa V (mavolti), A (maampu) kapena W (mawati). Ngati kanafufutika, mufunika multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Poyeza mavolti, gwiritsani nsonga yofiira pa + ndi yakuda pa − ya batire. Poyeza maampu, multimeter iyenera kukhala pakati pa njira ya magetsi, kutanthauza kuti mumasula waya mbali imodzi kuti magetsi adutse mkati mwake. Chonde musagunditse nsonga pamitu iwiri ya batire kapena mu soketi multimeter ili pa maampu, chifukwa ipsa pomwepo, mwinanso n'kukuvulazani. Dziwaninso kuti ma multimeter ambiri otchipa amalekezera pa maampu 10.

Mukapeza manambalawo, mawati, omwe ndi muyeso wa mphamvu imene chinthu chikudya, ndi mavolti kuchulukitsa ndi maampu: P = V × I (P ndi mawati, V ndi mavolti, I ndi maampu). Ngati mukudziwa mawati koma mukufuna maampu, gawani: I = P ÷ V. Ketulo ya mawati 2,000 pa mavolti 230 imakoka maampu pafupifupi 8.7. Fyuzi ya m'pulagi ya mano atatu nthawi zambiri imakhala ya maampu 13, ndipo 13 × 230 ndi mawati 2,990. Ndiye mukaika ketulo ija ndi nsimbi ya mawati 1,200 pa adaputa imodzi, zakwana 3,200, mwapyola kale malire. Pa mayunitsi a ZESCO, imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola lathunthu, choncho ketulo yomweyo ikayaka theka la ola yadya yuniti imodzi.

Maohmu ndiwo muyeso wa momwe chinthu chikukanira magetsi kudutsa. Lamulo lake analifalitsa Georg Ohm wa ku Germany mu 1827: R = V ÷ I (R ndi maohmu). Ketulo yathu ija, 230 ÷ 8.7, ili ndi maohmu pafupifupi 26. Mukaizula pamagetsi, n'kuyatsa switchi yake, n'kuyeza pa mano awiri a m'munsi a pulagi, multimeter ionetse nambala yoyandikira pamenepo. Ikapanda kuonetsa kanthu, fyuzi yapsa kapena chotenthetsera chaduka. Maohmu sayezedwa chinthu chili pamagetsi.

Tsopano pa batire, pamene anthu ambiri amapusitsika. Tinene kuti TV, mababu ndi machaja onse pamodzi ndi mawati 120. Pa magetsi a ZESCO, 120 ÷ 230 ndi theka chabe la ampu, waya woonda ukhoza kupirira. Koma mawati omwewo pa batire la mavolti 12 ndi maampu 10, kuwirikiza pafupifupi ka 20. Waya nawo uli ndi maohmu ake, ndipo ukaonda kapena kutalika amachuluka. Ngati waya wanu uli ndi maohmu 0.1 okha, maampu 10 amataya volti imodzi panjira (10 × 0.1), ndipo volti imeneyo kuchulukitsa ndi maampu 10 ndi mawati 10 amene akungotenthetsa waya. Maampu akafika 20 pa waya womwewo, kutentha kumakhala mawati 40, chifukwa kumakwera kanayi maampu akawirikiza kawiri. Inverter ya mawati 1,000 ikamagwira ntchito mokwanira imakoka maampu opitirira 83 kuchokera ku batire la mavolti 12. N'chifukwa chake waya wa pamenepo uyenera kukhala wonenepa ngati wa batire la galimoto, waufupi, womangidwa zolimba. Ineyo waya wa sipika sindingaulole pamenepo ngakhale kwa usiku umodzi.

Masamuwa amayenda bwino pa zinthu zotenthetsa monga ketulo, nsimbi ndi mbaula yamagetsi. Filiji ndi pampu yamadzi zili ndi mota, ndipo mota poyamba kuzungulira imakoka maampu owirikiza kangapo kuposa olembedwa, ndiye inverter yake mugule yaikulupo.

Chomaliza, ikani fyuzi pa waya wofiira pafupi penipeni ndi batire. Isankheni yoposa pang'ono maampu amene mwawerengera, koma yosapitirira amene wayawo ungapirire. Zokhudza mita ndi bokosi lalikulu la magetsi a m'nyumba, itanani katswiri wamagetsi wovomerezeka.