Mmene ndinathanirana ndi vuto lonyamuka pamtunda

Blantyre ndi mzinda wa zitunda, ndiye wophunzira galimoto sangazembe kunyamuka pamtunda. Ine zinkandivuta kwabasi. Tsiku lina ku Ndirande galimoto inandizimira katatu, minibasi kumbuyo hutala osalekeza, kondakitala n'kumakuwa kuti, "Mayi, tikukankheni kodi?" Thukuta kamukamu.

Vuto linali phazi lamanzere. Ndinkalichotsa pa klatchi mothamanga ngati ndaponda khala lamoto.

Lamlungu m'mawa achimwene anga ananditengera kumsewu wa zii ku Chilomoni. Anati, "Chemwali, iwalani kaye za mafuta, mverani injini." Ndikoke handibuleki, ndilowetse giya wani, kenako ndikweze phazi pang'onopang'ono mpaka kulira kwa injini kusinthe, kutsogolo kwa galimoto kudzuke pang'ono ngati ikufuna kupita. Pamenepo phazi liime, osasunthanso. Ndiponde mafuta pang'ono, ndiye n'kumasula handibuleki.

Nsapato za gogoda ndinazisiyanso, chifukwa phazi silimva bwino klatchi ukavala zimenezo. Tinabwereza kangapo mpaka mwendo kuwawa, ndipo pa tsiku loyesedwa galimoto sinabwerere m'mbuyo ngakhale pang'ono.