Musamangoti "Chakongola": Mawu Oyesera Chojambula

Mwezi watha kalabu ina ya amayi ku Katete inandionetsa pepala lomata pa botolo la chiponde chawo. Nditafunsa maganizo a mamembala, onse anangoti, "Chakongola." Mnyamata amene anajambula anabwerera kwawo osadziwa choti akonze, chonsecho dzina la kalabu silinkawerengeka munthu ukaima mamita 3 okha. Ndiye lero tiphunzitsane mawu oyesera chojambula, kaya ndi chikwangwani cha shopu ku Kapata, kaya pepala loitanira anthu ku chionetsero cha zaulimi.

Yambani ndi funso ili: diso lagwera pati? Chojambula chilichonse chili ndi malo amene amakoka diso poyamba. Pa botolo lija diso linkathamangira duwa lalikulu la pakona, nsawa zili zobisala m'munsi. Wogula akufuna chiponde, duwalo alitani?

Mawu achiwiri ndi kusiyana, ndipo apa ndi pamene ambiri timagwa. Zilembo zachikasu pa pepala loyera zimasowa, chifukwa zonse ndi zowala. Zofiira pa zobiriwira nazonso zimavutitsa maso ngati zili zakuda mofanana, ngakhale kuti mitunduyo ndi yosiyana. Kuyesa kwake n'kosavuta. Jambulani chikwangwanicho pa foni, musinthe chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera chokha. Zilembo zikamira, ndiye kuti kusiyana kulibe, ndipo wapanjinga wodutsa mu Great East Road sadzaziona. Mukatero muli ndi chomuuza wojambula: "Achimwene, zilembozi zidetseni, kapena kumbuyoku kuwale."

Za mitundu, dziwani kuti yofiira, yachikasu ndi yalalanje imaoneka ngati yayandikira, pamene yabuluu ndi yobiriwira imabwerera m'mbuyo. Amene munapitako ku Kulamba ku Mkaika mu Ogasiti mukudziwa momwe nkhope yofiira ya gule uja Simoni imaonekera patali, fumbi lili kobo. Penti ikakuchepani, yachikasu ndi yabuluu mukasakaniza zimapereka yobiriwira.

Tsopano mpata. Ife alimi nkhani iyi si yachilendo: chimanga chothithikana chimabala tizisononkho tating'ono. Pepalanso n'chimodzimodzi. Ena amaona ngati malo osalembedwa ndi ndalama yotayika, ndiye amaunjikapo nambala ya foni, vesi, maluwa ndi mitengo ya katundu yense. Taonani mbendera yathu ya Zambia. Mbali yaikulu ndi yobiriwira chabe, mizere yofiira, yakuda ndi yalalanje ili pakona, nkhwazi pamwamba pake, ndipo nkhwaziyo imaoneka bwino chifukwa yapatsidwa malo.

Palinso kubwereza, kuja timaona pa mphasa, pa dengu ndi pa chitenje. Apa ingoyang'anani ngati maluwa kapena mizere ikutsatana mofanana, kapena yasokonekera pakati.

Poyankhula, yambani ndi chimene mwaona, kenako chimene chikuchita m'maso mwanu, malangizo pambuyo. Kunena kuti "zilembo za pansizi ndi zazing'ono, sindikuziwerenga ndili pakhomo" kumamuthandiza munthu, pamene "sizinakhale bwino" kumangomukhumudwitsa. Ine sindilola membala kunena kuti chakongola asanatchule chimene chakongoletsa.

Pa msonkhano wotsatira aliyense abweretse paketi imodzi ya sopo kapena ya mbewu. Tidzaziika pa benchi, tibwerere m'mbuyo mapazi 10, tione imene ikuwerengeka.