Silikoni sachiza injini yotopa

Nyengo ino yokumba mbatatesi ndayenda m'misika ya Lizulu, Bembeke ndi Tsangano, ndipo paliponse pamene yaima pikapu yakale pansi pake pamatsala chithaphwi cha oyilo. Ndikunena ma Datsun 1200, ma Peugeot 504 ndi ma Hilux a petulo a m'ma 1980, omwe ndiwo akutulutsa katundu m'midzi mwathu. Mukatsegula boneti mupeza silikoni wofiira atapakidwa paliponse ngati akumata nkhokwe. Khalidwe limeneli likupha mainjini amene akadagwirabe ntchito zaka zambiri, ndipo landitopetsa.

Oyilo akamatuluka mbali zingapo nthawi imodzi, dziwani kuti pali chimene chikumukankha. Maringi a pisitoni akatha, mpweya wa moto umadutsa m'mbali mwa pisitoni n'kutsikira ku sampu, mosungira oyilo pansi pa injini. Mpweyawo uli ndi njira yake yotulukira, kapaipi kopumira kochoka pa chivundikiro cha matapeti, koma pa galimoto zambiri kapaipi kameneka kanatsekeka kalekale ndi utsi ndi fumbi. Ena mpaka amakatseka dala ndi bawuti ati kakudetsa injini! Ndiye mpweya ulowera kuti? Umaboola pofewa: pa gasiketi, pa masilo (mphira zotchinga oyilo) a kirankishafiti, ngakhale pa dipisitiki. Mukamata apa, mawa wadontha apo. Silo yakumbuyo ikagonja, oyilo amanyowetsa kilatchi, galimoto n'kumangolira pachitunda osasuntha.

Choopsa kwambiri ndi silikoni amene amafinyikira mkati mukamanga mabawuti. Amaduka tizidutswa, timagwera m'sampu, timatseka sefa ya pampu ya oyilo. Mabering'i amayamba kuyenda ouma inu osadziwa.

Bambo wina wa ku Tsangano, mlimi wakhama wa kabichi ndi mbatatesi, anandipeza mwezi watha. Anati, "Alangizi, galimoto yanga ikumwa oyilo ngati thobwa, m'mawa imafuna anyamata oikankha." Nditawafunsa ngati anayezetsa kompureshoni, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya m'silinda, anati makaniko wawo amangomvetsera ndi khutu. Anali atamata kale katatu. Patangotha masabata awiri, akukwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, kanyali kofiira ka oyilo kanayaka, injini n'kunoka. Kirankishafiti inapita ku Lilongwe kokapala, mbatatesi yawo inayamba kumera m'matumba, ndipo ndalama ya feteleza wa chaka chino inathera ku ovaholo. Titatsitsa sampu, sefa inali yodzaza silikoni. Zinandiwawa, chifukwa geji yoyezera kompureshoni ndi kachipangizo kotha kulowa m'thumba la ovolosi, ndipo kuyeza sikutenga ola.

Komanso si kompureshoni yotsika iliyonse imene imafuna maringi atsopano. Matapeti omangitsa amasiya mavavu osatsekeka bwino, mphamvu n'kumathawa, pomwe mankhwala ake ndi sipanala ndi filageji yoyezera mpata wa matapeti basi. Amakaniko ena sachedwa kuphwasula injini yonse chifukwa m'menemo ndi momwe muli ndalama.

Kayezedwe ka kompureshoni mwachidule: injini itenthe, chotsani mapulagi onse ndi waya wa koyilo, pondani fayala mpaka pansi, zunguzani sitata kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa silinda iliyonse, mulembe manambala. Asasiyane kupitirira 10 peresenti. Musadabwe akatsikirako pa zimene buku la galimotoyo likunena, chifukwa Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 ndipo mpweya kuno ndi wopepuka. Yang'anani kwambiri kusiyana kwa masilinda. Pa silinda yotsika thirani kasupuni kamodzi ka oyilo pabowo la pulagi muyezenso. Nambala ikakwera, ndi maringi. Ikakhala pomwepo, ndi mavavu kapena gasiketi ya hedi, makamaka ngati masilinda awiri oyandikana atsikira limodzi. Za kuthira oyilozi musayese pa dizilo. Pofuna kuona podontha, tsukani injini ndi parafini, tsegulani kapaipi kopumira kaja, yendani pang'ono, kenako mufufuze kuyambira pamwamba, poti oyilo amatsika ndipo mphepo imamukankhira kumbuyo. Mukapapeza, ikani gasiketi kapena silo yatsopano, ndipo ngati munamatapo kale, tsitsani sampu sabata ino muone sefa.